Yambani ndi kabuku, kenako mupite ku Chelsea

Achemwali, mwafunsa kuti poti muli ku London kwa milungu iwiri yokha ndipo mukufufuza za nyumba zoyambirira zosungiramo zida zakale zankhondo, muyambire kuti, komanso ngati timabuku takale tomwe alendo ankagula pakhomo tingadaliridwe. Malangizo anga ndi akuti musathamangire ku Imperial War Museum, ngakhale kuti ndi yotchuka kwambiri.

Yambani ndi nyumba yomwe kulibenso, ya Royal United Service Museum. Inakhazikitsidwa mu 1831, inasamukira ku Banqueting House ku Whitehall mu 1895, ndipo itatsekedwa mu 1962 katundu wake anagawidwa m'malo osiyanasiyana. Chomwe chimasonyezabe zinthuzo zili pamodzi ndi mndandanda wake wosindikizidwa, womwe Sir Arthur Leetham anakonza, ndipo mabuku ambiri a mtundu umenewu anajambulidwa kale n'kuikidwa pa Internet Archive, nkhokwe ya mabuku ya pa intaneti. Muuwerenge musanatuluke m'nyumba, mulembe zinthu zingapo zomwe zakukopani, kenako mupite ku National Army Museum ku Chelsea, komwe kunapita zina mwa izo, monga mafupa a hatchi yotchedwa Marengo ndi chifanizo chachikulu cha nkhondo ya ku Waterloo chomwe William Siborne anapanga.

Pa hatchiyo ndi pomwe mudzaonere chifukwa chake timabukuti sitiyenera kuwerengedwa ngati umboni. Kwa zaka zambiri alendo ankauzidwa mosakayika kuti Napoleon, mfumu ya ku France, ankakwera hatchi imeneyi, koma ofufuza atayang'ana m'kaundula wa makola ake sanapezemo dzina lakuti Marengo. Olemba a nthawiyo kawirikawiri ankangolemba zomwe wopereka chinthu wanena, makamaka akakhala mkulu wa asilikali kapena mkazi wake wamasiye. Ku Chicago, Charles Gunther, yemwe anagumula ndende ya Libby ku Richmond n'kukaimanganso kumeneko mu 1889 kuti ikhale nyumba yoonetseramo za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ankasunganso chikopa chomwe ankati n'cha njoka ya m'munda wa Edeni. Kabuku kotere kamakuuzani mokhulupirika zomwe anthu ankafuna kuti zikumbukiridwe, dzina la wopereka ndi chipinda chomwe chinthu chinali, koma za komwe chinachokera muzitsimikize ndi zolemba zina.

Mukatero mudzafike ku Imperial War Museum ku Lambeth, yomwe inayamba mu 1917 nkhondo yoyamba yapadziko lonse isanathe, n'kutsegulidwa ku Crystal Palace mu 1920, isanasamukire komwe ili pano mu 1936. Kulowa n'kwaulere, koma chipinda chofufuziramo chimafuna kusungitsa malo pasadakhale, choncho alembereni sabata ino.

Chinthu chimodzi chimandiwawa, ndipo ndibwino muchidziwiretu. Mukamafunafuna za kwathu, za asilikali a King's African Rifles kapena amtengatenga a ku Nyasaland omwe anasenza katundu pa nkhondo yolimbana ndi Ajeremani ku East Africa, mudzapeza kuti mikondo ndi zishango za Afirika zinkalembedwa ndi dzina la Mzungu yemwe anazibweretsa, osati la mwini wake. Zikatero muzilemba dzina la woperekayo ndi gulu lake lankhondo, chifukwa mukafufuza komwe gululo linatumizidwa ndi chaka chake ku National Archives ku Kew, komwe amasunga zolemba zakale za boma la Britain, mukhoza kufika pafupi ndi dera lomwe chinthucho chinatengedwa.