Musatsitse injiniyo kaye, pezani komwe mpweya wa silinda namba 3 ukuthawira

Achimwene, ndaliwerenga funso lanu la Hilux Surf ya injini ya dizilo ya 1KZ ija. Mwati munaipanga ovaholo, mapisitoni ndi maring'i atsopano, gasiketi yatsopano, hedi inapita kumashini ku Tete, turbo anaikwezako pang'ono, yayenda bwinobwino makilomita ngati 2,000 kenako pokwera mapiri a ku Zóbuè yangoyamba kugwedera mphamvu n'kutha, m'mawa ikuvuta kulira ndipo ikutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo. Amesitiri anu ku Ulongwe ayeza kompulesheni (mphamvu yopanikiza mpweya) m'masilinda anayi apeza 27, 26, 13, 27 ndiye akuti injini itsike muikenso maring'i ena. Ine ndikuti ayi, musatsitse kaye. Geji ija yangokuuzani kuti silinda namba 3 sikusunga mpweya, sinakuuzeni kuti mpweyawo ukutulukira pati, ndipo mukangomasula hedi mwayi wodziwa zimenezo watha chifukwa injini yophwasula simungaiyezenso.

Manambala anuwo choyamba. Buku la Toyota la 1KZ limati kompulesheni yabwino ndi 31 kgf/cm2, yomwe ili pafupi ndi 30 bar, yotsikitsitsa yololedwa ndi 20, ndipo kusiyana kwa silinda ina ndi inzake kusapitirire 5. Ndiye 26 ndi 27 zija musadandaule nazo, makamaka poti mwayezera ku Angónia komwe kuli pamwamba kupitirira mamita 1,000, mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, injini yomweyo mutaiyezera kumunsi ku Matundo geji ikwera kuposa pamenepo. Zitatuzo zikusonyeza kuti amene anapanga buloko sanalakwitse zonse. Vuto lili pa silinda imodzi basi. Komabe uzani amesitiri abwereze kuyeza namba 3, injini ili yotentha, batire yodzaza, mahita (mapulagi otenthetsa silinda poliza injini) onse anayi atachotsedwa, waya wa pa pampu atazulidwa kuti dizilo asabwere, chifukwa adaputa ikakhala kuti sinakhale bwino pa bowo la hita imatha kunamiza munthu. Ikabweranso 13 ndiye kuti ndi zoona.

Tsopano chinthu chomwe ine ndingayambire ndi gapu ya mavalavu, ndipo ndikudabwa kuti simunaitchule n'komwe. Ntchito yake ndi yongochotsa kava ya pamwamba, ola limodzi silikwana. 1KZ ilibe zomangira za sikuluu zija timazidziwa pa injini zakale, imayendera mashimu, timbale tachitsulo tokhala pamwamba pa baketi pansi pa kamu. Hedi ikapita kumashini amapala mipando ya mavalavu, valavu imalowa mkati pang'ono, mchira wake umakwera, gapu imachepa. Amakanika ambiri amangobwezera mashimu akale omwe aja, nthawi zina atawasokoneza kale mu beseni yotsukira, injini ikalira bwino amati zatheka. Ikayenda masabata angapo valavu imakhazikika bwino pampando wake, kagapu kanatsala kaja kamatheratu, injini ikatentha valavu imatalika ndiye siitsekanso mpaka pansi. Valavu ya ekizozi imazizira pokhudza mpando wake, ikasiya kukhudza moto umadutsa m'mbali mwake n'kuidya, ndipo pa injini ya turbo yomwe ikukoka pa phiri zimenezi sizichedwa. Injini ili yozizira gapu iyenera kukhala 0.20 mpaka 0.30 mm ku mavalavu olowetsa mpweya, 0.25 mpaka 0.35 mm ku a ekizozi. Tembenuzani mpaka nsonga ya kamu iloze kumwamba, lowetsani fila geji. Ndinaonapo Prado ina yonyamula mbatata ku Tsangano, ngakhale kafila kopyapyala kwambiri ka 0.05 kamakana kulowa pa ekizozi, baketi osatembenuka ndi chala, yagwidwa ndi kamu nthawi zonse, mwini wake anali atagula kale maring'i. Mukapeza zotero ikani shimu yopyapyalako muyezenso kompulesheni, ngati valavu sinapse ibwerera pompo. Mukapeza gapu yaikulu modabwitsa pa valavu imodzi ndiye kuti valavuyo sikubwerera mpaka pamwamba, yapindika kapena ikugwira mu gayidi. Muli pomwepo yang'anani maki a taimingi, ngakhale taimingi ikaphonya imatsitsa masilinda onse osati imodzi.

Ena mu gulu muno anena zothira oyilo mu silinda n'kuyezanso, akuti ikakwera ndi maring'i. Pa petulo zimathandiza. Pa dizilo samalani nazo, malo otsala pamwamba pa pisitoni ndi ochepa kwambiri moti oyilo yekhayo amakweza nambala ngakhale maring'i ali bwino, amathanso kuyaka n'kuphulitsa geji, mukathira wambiri mupinda kondirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ku kilanki. Ngati mukufuna kuyesa, madontho ochepa okha, ndipo musagamule mlandu ndi zimenezo.

Choyezera chenicheni ndi kupopera mpweya mu silinda n'kumvetsera. Simukufunika chida chodula. Tengani hita yakufa, gogodani zamkati zituluke, awotcherereni kapayipi kolowa pa hozi ya kompuresa, muimange pa bowo la hita la namba 3, kompuresa ya opopa matayala ikwana. Ikani namba 3 pamwamba penipeni mavalavu onse ali otseka, 1KZ imaphulitsa 1-3-4-2 ndiye mnzake wa 3 ndi 2, mukaona pa namba 2 valavu ya ekizozi ikumaliza kutseka yolowetsa mpweya ikuyamba kutseguka dziwani kuti 3 yafika. Chonde chotsani sipanala pa bawuti ya kilanki musanatsegule mpweya, mpweya umakankha pisitoni injini n'kutembenuka mwamphamvu, sipanalayo imathyola dzanja. Ngati ili ya manuwo ikani giya yaikulu ndi handibuleki, ma Surf ambiri ndi otomatiki ndiye giya siigwira, pamenepo pisitoni ikhale pamwamba ndendende ndipo tsegulani mpweya pang'onopang'ono. Kenako zimitsani wailesi mu ofisina, anthu akhale chete. Chotsani payipi yopita ku manifodi muike khutu, mukamva kufuula mmenemo ndi valavu yolowetsa. Tumani mwana kumbuyo aike chikhatho pa ekizozi, akamva mphepo ndi valavu ya ekizozi. Tsegulani chotsekera cha oyilo, pamenepo kamphepo pang'ono kamamveka pa injini iliyonse chifukwa maring'i satseka kotheratu, ndiye yesaninso namba 1 muyerekeze, ngati pa 3 ikuchita kuwomba ndiye ndi maring'i kapena pisitoni. Radiyeta idzazeni madzi mpaka pakamwa muisiye yotsegula, mukaona thovu likutuluka kapena madzi akukwera ndi gasiketi kapena hedi. Mvetseraninso pa mabowo a mahita a 2 ndi 4 ngati mpweya ukudutsira ku masilinda oyandikana.

Za hedi ndinenepo zambiri chifukwa 1KZ mbiri yake tonse tikuidziwa. Hedi yake ndi ya aluminiyamu pa buloko yachitsulo, ikangotenthedwa imang'aluka pakati pa mavalavu kapena pafupi ndi kachipinda koyatsira moto, ndipo kutentha kwathu kuno kwa October ndi November kopitirira madigiri 40 sikuikhululukira, makamaka radiyeta ikakhala yotsekeka ndi madzi a pa mjigo ndipo fani ya visikasi yafooka. Funso langa ndi loti chinakupangitsani ovaholo poyamba chinali chiyani? Ngati inawira, hediyo kumashini anaiyeza ndi puresha kapena anangoipala pansi n'kukupatsani yonyezimira? Mng'alu wawung'ono maso sauona, umatseguka ikatentha. Zizindikiro zake, payipi ya pamwamba ya radiyeta kulimba gwa mutangoliza injini ili yozizira, kabotolo kosungira madzi kudzaza n'kumataya, madzi kutha osaoneka podontha. Mukachotsa mahita yerekezani nsonga zake, ya silinda yomwe ikumwa madzi imakhala yoyera ngati yatsukidwa pomwe zinzake zili ndi mwaye. Gasiketi yopsa pakati pa masilinda awiri sindikuiganizira kwenikweni chifukwa ikanatsitsa awiri oyandikana, inu 2 ndi 4 zili bwino. Afunseninso amesitiri mmene anamangira hedi. Mabawuti a 1KZ amamangidwa 39 Nm motsatira dongosolo lake kenako kupotoza madigiri 90 kawiri, ndi mabawuti otamuka, akale akatamuka kwambiri sagwiranso, ndipo gasiketi zake zili ndi makulidwe osiyana, umasankha utayeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko, sumangotenga iliyonse yomwe ili mu shopu.

Mpweya ukakhala kuti ukuwomba ku oyilo ndiye apo injini itsegulidwa ndithu, koma musathamangire kunena kuti maring'i anali achinyengo, ngakhale zachinyengo zilipodi zambiri m'misika yathu. Ring'i yatsopano siifa yokha pa silinda imodzi popanda chifukwa. Mwina gapu ya ring'i sanaiyeze mu boo (bowo loyendamo pisitoni), inali yothina, itatentha nsonga zake zinagundana n'kuthyoka kapena kuthyola mpanda wa pisitoni. Mwina kamzere kotsala pamwamba pa boo sanakachotse ndiye ring'i yoyamba imagunda pamenepo. Pansi pa pisitoni iliyonse pali kapayipi kothira oyilo woziziritsa, pomanga injini n'kosavuta kukapinda kapena kukasiya kotsekeka, pisitoni imeneyo imatentha yokha. Koma chomwe ndimakumana nacho kwambiri ndi injekita. Anthu amagula zonse zatsopano za mkati n'kubwezera manozo (nsonga za ma injekita zopopera dizilo) akale osawayeza, nozo yodontha siipopera dizilo ngati nkhungu, imathira ngati mtsinje pamalo amodzi, pisitoni imang'aluka kapena kusungunuka m'mphepete, mukaichotsa mumapeza pamwamba pake pali poyera pokhakhala, tizidutswa ta aluminiyamu tamatirira ku valavu. Onjezanipo turbo yokwezedwa ija. Mpweya wambiri wa turbo ndi dizilo wambiri pa injini yomwe maring'i ake sanakhazikike, itanyamula katundu, pa phiri lalitali masana, ma Surf ena a 1KZ alibenso intercooler yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ndipo geji ya pa dashibodi imaonetsa kutentha kwa madzi kokha, pisitoni ikhoza kumapsa singano ili pakati. Amene anakuuzani kuti mukweze turbo injini itangomangidwa kumene sanakuthandizeni. Kamera zija zolumikiza ku foni pa 1KZ sizithandiza kwenikweni, bowo la hita ndi la injekita onse amathera mu kachipinda ka mu hedi, pisitoni simuiona bwino.

Pali chinanso chomwe chimasokoneza anthu. Mwapopera mpweya, palibe komwe ukuthawira, gapu ili bwino, koma kompulesheni ili pansi. Pamenepo ganizirani kondirodi yopindika, pisitoni sikufikanso pamwamba. Zimachitika silinda ikamwa madzi powoloka mtsinje, kapena madzi a radiyeta akadonthera mkati usiku inu n'kuliza m'mawa, kapena oyilo wa turbo yakale akatsalira m'mapayipi. Hedi ikachoka yezani ndi dayo geji mmene mapisitoni onse anayi akutulukira, kusiyana kochepa kokha pa dizilo kumagwetsa kompulesheni kwambiri.

Fumbi sindikuliika patsogolo poti limadya masilinda onse pamodzi, komabe ngati mumayenda ku Moatize kapena misewu yadothi ya ku Macanga chotsani payipi ya kutsogolo kwa turbo muone mapiko ake ngati sanadyeke m'mphepete, ndi mphindi zisanu zokha.

Mukandifunsa komwe ndikukayikira kwambiri, ndi valavu ya ekizozi ya namba 3, chifukwa hedi inapita kumashini, vuto labwera patapita kanthawi, ndipo simunanene za utsi wotuluka pa chotsekera oyilo kapena madzi kutha. Yachiwiri ndi pisitoni chifukwa cha turbo ija. Koma kukayikira kwanga kusakupangitseni kugula chilichonse musanayeze.

Galimotoyo iimitseni, musati ndingopanga ulendo umodzi wa ku Calómuè. Silinda yosaphulitsa dizilo wake amatsuka oyilo m'khoma la boo n'kutsikira mu sampu, oyilo amasungunuka, mabeyaring'i atsopano aja ndi turbo zimayamba kudyeka, ndipo valavu yopsa ikaduka mutu mutaya hedi, pisitoni ndi turbo tsiku limodzi. Sololani dipisitiki muone ngati oyilo sanakwere komanso ngati sakununkha dizilo. Tsiku lotsegula amene anamanga injiniyo akhalepo aone ndi maso ake, jambulani gasiketi mbali zonse ziwiri musanaipukute, mashimu ndi ma injekita muwalembe manambala asasokonezeke. Ma injekita onse anayi apite kukayezedwa kaya vuto lipezeka kuti, wastegate, valavu yochepetsa mphamvu ya turbo, ibwerere mmene inalili kufakitale. Mukayeza gapu tumizani manambala onse asanu ndi atatu pano limodzi ndi komwe mwamva mpweya ukutulukira, tikuuzani ngati hedi yokha ichoke kapena injini yonse itsike.