Kodi milandu ya pamsewu ndiyilembe pa fomu yofunsira ntchito yoyendetsa ndege?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, amene anamaliza maphunziro oyendetsa ndege ku South Africa ndipo tsopano akufunsira ntchito kumakampani angapo, kuno kwathu ndi kunja komwe. Dzina lake sinditchula, koma wavomera kuti ndimuyankhe poyera. Nkhani yake ndi iyi: pa fomu ina akumufunsa ngati anapalamulapo mlandu uliwonse, kuphatikizapo wa pamsewu. Iye anagwidwapo kawiri ndi apolisi apamsewu akuthamanga mopyola muyeso pa msewu wa M1, pakati pa Kanengo ndi Lumbadzi, ndipo maulendo onse awiri analipira chindapusa pomwepo n'kulandira lisiti. Kachitatu anagwidwa ali kusukulu ku South Africa, ndipo ulendo umenewu anatengeredwa kupolisi, kumene anasaina chikalata n'kulipira ndalama kuti asakaonekere kukhoti. Anzake akumulangiza kuti angochonga "ayi", poti palibe bwana amene angataye nthawi kukafukula malisiti a ku Lumbadzi.

Achimwene, musachonge "ayi" pa fomu imeneyo. Funso lanenetsa kuti kuphatikizapo milandu ya pamsewu, ndiye kuti itatu yonseyo ilembeni. Milandu iwiri ya liwiro payokha si chinthu chimene kawirikawiri chimamanitsa munthu ntchito yoyendetsa ndege, koma bodza lolembedwa pa fomu imene mwasaina ndi dzanja lanu lingathe kukuchotsetsani ntchito ngakhale patapita zaka khumi, mutakhala kale kaputeni.

Mafomu amenewa safunsa mofanana, ndipo anthu ambiri amalakwitsa chifukwa chowerenga mothamanga. Fomu ina imafunsa ngati bwalo la milandu linakupezanipo wolakwa. Ina imafunsa ngati munamangidwapo, ngakhale mlanduwo utathera panjira. Ina imatchula milandu ya pamsewu koma n'kunena kuti musawerengere ya kuimika galimoto pamalo olakwika, ndipo ina imaika malire a zaka zisanu kapena khumi zapitazo. Yankhani funso limene lafunsidwalo monga lalembedwera. Ngati fomu ikufunsa za kupezeka wolakwa pabwalo la milandu pokha, chindapusa cha pa M1 chimene munalipira m'mbali mwa msewu, popanda kuonekera pamaso pa majisitireti, mwina sichikulowamo, ndipo palibe chifukwa choulula machimo amene simunafunsidwe. Pamene mawu a funso sakumveka bwino, lemberani imelo ofesi yolemba anthu ntchito ya kampaniyo, afotokoze okha, ndipo yankho lawolo mulisunge.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si za ku Lumbadzi ayi, koma chikalata chimene munasaina ku South Africa. Inu mwachitchula modutsa, ngati kuti ndi chimodzimodzi ndi ziwiri zinazo, pamene mwina ndicho cholemera koposa. M'dziko limenelo muli chindapusa chimene amachitcha admission of guilt, kutanthauza kuvomera kulakwa, ndipo malinga ndi gawo 57 la lamulo lawo la kayendetsedwe ka milandu la 1977, munthu amene walipira chindapusa chimenechi amatengedwa ngati wapezeka wolakwa ndi kulangidwa ndi khoti, ngakhale sanapondemo m'khotimo. Anthu ambiri amalipira mokondwa poganiza kuti athana nazo, n'kudzadabwa patapita zaka kuti dzina lawo lili m'kaundula wa anthu opalamula. Komanso kumeneko munthu sangotengeredwa kupolisi chifukwa cha liwiro lochepa. Malamulo awo amaona ngati mlandu waukulu kupyola muyeso ndi makilomita oposa 30 pa ola m'tauni, kapena oposa 40 kunja kwa tauni. Ndiye dzifunseni: tsiku limenelo anakudindani zala? Ngati anatero, khalani mukuyembekezera kuti nkhaniyi idzatuluka pa kalata ya police clearance ya ku South Africa, yosonyeza ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu, imene kampani yosamala idzakupemphani poona kuti munakhalako nthawi yaitali. Lamulo lawo limalola kupempha kuti mlandu wa chindapusa chosapyola R20,000 ufafanizidwe m'kaundula, koma pokhapokha patadutsa zaka 10. Mlandu suwola, ndipo wanuwu zaka zake sizinakwane.

Mungadabwe kuti kampani ya ndege ikufuniranji kudziwa mmene mumayendetsera galimoto. Chifukwa choyamba n'chapafupi: munthu amene amaona chikwangwani cha liwiro n'kuganiza kuti chinaikidwira ena, akhoza kutengera mtima womwewo mundege, momwe ntchito yonse yagona pa kutsata malire ndi ndondomeko ngakhale pasakhale wokuyang'anira. Chindapusa chimodzi chimangosonyeza kuti ndinu munthu. Zindapusa zisanu ndi ziwiri m'zaka ziwiri zimasonyeza khalidwe.

Chifukwa chachiwiri ndicho chachikulu, ndipo chinadza ndi maliro. Pa 12 February 2009 ndege ya kampani ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ku America n'kupha anthu 50. Inali ya mtundu wa Q400, womwewo umene timauona pabwalo la ndege la Kamuzu utavala mitundu ya Malawi Airlines. Pofufuza kunapezeka kuti kaputeni wake analepherapo mayeso oyendetsa ndege kangapo, ndipo pofunsira ntchito sanaulule kulephera konseko. Patapita zaka khumi, pa 23 February 2019, ndege yonyamula katundu ya Atlas Air ya mtundu wa Boeing 767 inagwera m'madzi pafupi ndi Houston, anthu atatu n'kufa, ndipo bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti wothandizira kaputeni anabisa dala mbiri ya kusachita bwino kwake kumakampani amene anagwirako kale. Ngozi ziwirizi sizikukhudza milandu ya pamsewu, koma zinaphunzitsa olemba ntchito kuti fomu imene ili ndi bodza laling'ono ikhoza kukhalanso ndi lalikulu. Akapeza kuti munabisa chindapusa cha liwiro, samakhalanso ndi chidwi ndi liwirolo, amayamba kukayikira maola amene munalemba mu logbook yanu, buku la maulendo amene mwayendetsa ndege.

Ku America nkhaniyi anaiika m'malamulo enieni. Kuyambira ndi lamulo la 1996, kampani ya ndege imayenera kuona mbiri ya woyendetsa ndege isanamulembe ntchito, kuphatikizapo zimene zili m'kaundula wa dziko lonse wotchedwa National Driver Register, momwe mumalembedwa anthu amene analandidwapo laisensi ya galimoto kapena kupezeka ndi milandu ikuluikulu ya pamsewu. Fomu yopimitsira thupi ya FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, nayonso imafunsa ngati munthu anamangidwapo poyendetsa galimoto ataledzera, kapena ngati laisensi yake inaimitsidwapo, ndipo wonama pa fomu imeneyi akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 5. Woyendetsa ndege amene wapezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa galimoto ataledzera amapatsidwa masiku 60 okha kuti adziwitse FAA.

Anzanu aja anganene kuti zimenezo ndi za ku America, kuno ndi ku Malawi. N'zoona kuti lisiti ya m'mbali mwa msewu, ija imafufuma m'galimoto mpaka inki kuzimiririka, si chinthu chimene bwana wa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi angachipeze mosavuta. Koma kuwerengera mwayi wogwidwa ndi masamu olakwika, chifukwa ntchito imene mukuifuna ndi ya zaka makumi atatu, ndipo m'zaka zimenezo mudzalemba mafomu ambirimbiri: a chiphaso cholowera mkati mwa bwalo la ndege, a dokotala wopima oyendetsa ndege chaka ndi chaka, a viza, ndi a kampani ina mukadzafuna kusintha. Fomu ya viza ya ku America, mwachitsanzo, imafunsa ngati munamangidwapo kapena kupezeka wolakwa pa mlandu uliwonse, ngakhale umene unakhululukidwa. Tsiku limene yankho la pa fomu ina lidzasiyane ndi la pa fomu yoyambayi, mudzafunsidwa kuti munanama liti. Musaiwalenso kuti oyendetsa ndege kuno kwathu ndi ochepa ndipo amadziwana. Amene munali naye m'galimoto usiku umene munatengeredwa kupolisi akhoza kudzakhala pampando woyandikana nanu mundege, kapena patsidya la tebulo pa intavyu.

Ndinakhalapo m'gulu lofunsa anthu ofuna ntchito pakampani ina ya zamtengatenga, osati ya ndege, ndipo sindiiwala mnyamata wina amene analemba pa fomu kuti sanagwidwepo. Mmodzi wa ife, bambo wachikulire wolankhula motsitsa, anavula magalasi n'kumufunsa kuti, "Palibe chimene mwaiwala pa tsamba lachitatu?" Mnyamatayo anayang'ana kudenga, anameza malovu, n'kuyankha kuti palibe. Bamboyo anangotseka fayilo. Mlandu wake unali waung'ono kwambiri moti akanaulemba sitikanaufunsa n'komwe, koma zokambirana zathu atatuluka sizinathe mphindi ziwiri. Zindikirani kuti munthu wofunsa akabwereza funso limene munayankha kale pa fomu, kawirikawiri amakhala ali ndi pepala m'manja ndipo akukupatsani mpata womaliza.

Polemba, musachite kukometsera kapena kudziimba mlandu mopyola. Pa mlandu uliwonse lembani mwezi ndi chaka, malo, chimene munalakwa, ndalama zimene munalipira, ndi kuti nkhani inatha. Ngati tsiku lenileni lakuthawani, lembani kuti "cha m'ma" mwezi wakuti, m'malo mopeka tsiku. Akakufunsani pa intavyu, yankhani mwachidule kuti munathamanga, munagwidwa, munalipira, ndipo kuyambira nthawi yakuti simunagwidwenso. Musayambe kufotokoza kuti apolisi anabisala kuseri kwa mtengo ndi kamera, kapena kuti galimoto zonse zinkathamanga koma anaimitsa inu nokha. Tonse timadziwa mmene zimakhalira pa msewu wa ku Lumbadzi munthu akamathamangira ndege, koma amene akukufunsaniwo akufuna kumva ngati mumatha kunena kuti "ndinalakwitsa" popanda kuloza chala wina, chifukwa mawu amenewo adzafunika tsiku lina mukadzalakwitsa muli mumlengalenga.

Simunatchule za mowa, ndipo ndikukhulupirira kuti sunalipo. Koma kwa ena amene akuwerenga, mlandu woyendetsa galimoto munthu ataledzera uli pamlingo wina, chifukwa umakhudzanso chiphaso cha dokotala, ndipo mayiko ena, monga Canada, akhoza kukaniza munthu wotere kulowa m'dziko mwawo. Amene ali ndi mlandu wotere aonane ndi loya komanso dokotala wopima oyendetsa ndege asanalembe chilichonse.

Inu achimwene, fomuyo musaitumize sabata ino ngati tsiku lotsekera likadali patali. Yambani mwapita kulikulu la polisi ku Area 30 mukadinditse zala n'kupempha police clearance ya kuno, ndipo nthawi yomweyo tumizani pempho ku Criminal Record Centre ya apolisi a South Africa ku Pretoria, podziwa kuti yankho lake limatenga masabata angapo. Funafunaninso chikalata chimene munasaina chija, muone nambala ya mlandu ndi mawu amene analembapo. Ngati tsiku lotsekera lafika makalatawa asanabwere, lembani milandu itatu yonseyo monga mukuikumbukira, ndipo pa wa ku South Africa muonjezere chiganizo chimodzi chonena kuti mwaitanitsa kale chikalata cha apolisi a kumeneko ndipo mudzachipereka chikangofika.