Mwana wandifunsa ngati bambo ake ankaseka

Azakhali,

Amuna anga adatisiya chaka chatha, anali aphunzitsi a ku pulayimale zaka zambirimbiri mpaka kukhala ahedi. Pamaliro paja mbiri ya malemu inali ya ntchito yokhayokha, kuti adayamba kuphunzitsa chaka chakuti, adawasamutsira kwakuti, adakwezedwa liti, zoona zonsezo koma ine ndili chikhalire pamphasa ndinkangoti kodi akunenawa ndi amuna anga omwe aja? Amene ndinkawadziwa ine ndi aja akaweruka ankangovula tayi nkukakhala patsinde pa mango kusewera bawo mpaka mdima, nsima kuzizira. Anali a Maule enieni, Bullets ikaluza ndi Wanderers tsiku limenelo musawayankhule. Tsiku lomwe Flames idachinya Algeria 3-0 ku Angola mu 2010 adavina pabwalo atamanga chitenje changa m'chiuno, ahedi athunthu. Komanso sindibisa, mowa ankamwa, mwezi ukatha panali masiku ena ovuta pakhomo.

Pano tikukonza zovundukula chiliza ndiye alamu anga akuti ayankhule a kuntchito ndi a mpingo basi, ine ndikhale chete poti za bawo ndi mpira nzochotsa ulemu malemu. Akutinso wailesi ndi bawoyo zipite kumudzi. Chandipweteka kwambiri nchoti mwana wanga womaliza, ali Fomu 2, wandifunsa kuti amama kodi adadi ankaseka? Iye ankangowaona ngati ahedi olusa. Ndiwauze zonse anawa, ndi za mowa zomwe? Nanga pachiliza ndiyankhule?

Ine mayi wa ku Bangwe

Mayi,

Pepani ndithu ndi zovutazi. Ine pa zonse mwalembazi chandigwira ndi funso la mwanayo, za pulogalamu ya pachiliza nzazing'ono. Mwana wa Fomu 2 akafunsa choncho ndiye kuti akuona kuti bambo ake akumuthawa m'mutu, chatsala ndi tayi ndi mawu okalipa a pa asembule. Amene angamubwezere bambo akewo ndinuyo, si a kuofesi ayi. Mbiri ya pamaliro ija imalembedwa usiku mothamanga, wina atatsegula fayilo, ndipo fayilo imadziwa tsiku lolembedwa ntchito ndi giredi basi, siidziwa kuti munthu adavinapo ndi chitenje. Sadalakwe, adanena zomwe ankadziwa.

Ndiye musadikire chiliza. Yambani lero lomwe, pakudya madzulo, muuzeni ya Algeria ija mmene mwandiuzira inemu, ine ndaseka ndekha kuno. Muuzeni ndiwo zomwe ankazikonda, nyimbo yomwe ankaiphonya mawu kutchalitchi ngati ilipo, mmene adakufunsirani mbeta, zomwe adanena tsiku lomwe iyeyo adabadwa. Osachita kuwakhazika ana pansi ngati msonkhano ayi, tinkhani timeneti timabwera bwino mukusenda nandolo kapena magetsi atazima. Ndipo pali anthu ena amene mwawaiwala, anzawo a pa bawo aja. Abambo amenewo ali ndi nkhani zoti inuyo simudazimvepo, poti mwamuna pa bawo amamasuka kuposa pakhomo, ndi pomwe amanyozana, kubetcherana, kudandaula za ngongole. Aitaneni kuchiliza, akadya mwana wamkulu awajambule mawu pa foni nkutumiza pa gulupu ya WhatsApp ya banja, mudzandithokoza adzukulu akadzakula.

Za mowa, musayambire pamenepo koma musanamenso. Ana akuluakuluwo ankaona, ankamva chitseko chikugogodedwa pakati pa usiku, mukawapanga bambo awo kukhala mngelo adzayamba kukayikira ndi zabwino zomwe mukunenazo. Akafunsa ingonenani kuti inde ankamwa ndipo nthawi zina zinkatisowetsa mtendere, basi. Zomwe zinkachitika kuchipinda pakati pa awirinu, mawu omwe munalankhulana mutapsa mtima, zimenezo nzanu, mwana sizimuthandiza. Ngati zikukulemerani kambani ndi mnzanu wapamtima kapena amayi a kumpingo amene samayenda ndi nkhani.

Alamu anuwo musalimbane nawo pagulu. Nawonso adataya m'bale, mwinanso ndi yekhayo amene adafika pa uhedi pamtundu pawo ndiye ulemu umenewo akuugwira ndi manja awiri. Koma zoti bawo imachotsa ulemu ine sindikuvomereza, mafumu amasewera bawo. Dzerani kwa ankhoswe, mupemphe kuti pa pulogalamupo pakhale mphindi zochepa za banja, ngati inuyo simungathe kuyankhula osalira ayankhule mwana wamkulu kapena mmodzi wa anzawo aja. Akakana zisiyeni, kumanda anthu sakhalitsako, nkhani zenizeni zimakambidwa mukabwerera kunyumba mbale zikuzungulira ndipo kumeneko palibe amene amagwira pulogalamu.

Pa wailesi ndi bawo pokhapo ndiye musagonje. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, lija amati Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limati katundu wa m'nyumba amatsala ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Sindikuti mukayambe ndi kuwaopseza ndi malamulo, ayi, auzeni mwaulemu kuti zimenezi ndasungira ana, nkuwapatsa jekete kapena tayi imodzi ya achimwene awo kuti nawonso akhale ndi chokumbukira. Akaumirira kapena kubwera kudzanyamula mokakamiza, pitani ku ofesi ya DC kapena ku Victim Support Unit ya kupolisi yapafupi, mutenge ndi chikalata cha imfa ndi cha ukwati ngati muli nacho.

Azakhali