Dziwe losungira madzi a mvula yoyamba likhale lalikulu bwanji?

Funso: Ndili ndi galaja ku Luwinga, ndipo bwalo lake lonse, lomwe ndi lalikulu masikweya mita 2,000, ndinalithira konkire. Mvula ikangoyamba, madzi otsikira m'ngalande amakhala akuda bii, oyilo akuyandama pamwamba, koma pakapita kanthawi amayera. Ndikufuna kumanga dziwe loti azidikhamo asanafike kudambo. Kodi likhale lalikulu bwanji? Wowerenga wa ku Luwinga, Mzuzu.

Yankho: Bambo, mwaona bwino, pakuti fumbi, girizi ndi dizilo zimene zaunjikana pansi nthawi ya chilimwe zimakokoloka ndi madzi oyambirira, makamaka a chizimalupsa, ndipo zikalowa m'madambo ndi mumtsinje wa Lunyangwa zimakafika m'madimba momwe anthu amalima ndiwo zamasamba.

Musamange dziwe loti limeze chimvula chonse. Mvula ya kuno ku Mzuzu, imene imatha kugwa mpaka mu Epulo, ingadzaze dziwe lililonse, n'kuvundula matope omwe anadikha kale. Akatswiri ambiri amawerengera mamilimita 12 mpaka 25 oyambirira okha. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, choncho mamilimita 15 pabwalo lanu ndi malita 30,000, ndipo poti konkire imatsetseretsa pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 alionse, otsikira kudziwe ndi malita 27,000. Dziwe la mamita 6 m'litali, 3 m'lifupi ndi 1.5 kuya kwake lingakwane, ngakhale kuti pamalo a oyilo wambiri ngati anu ine ndikanawerengera mamilimita 25, omwe angatsitsire kudziwe malita 45,000. Madzi a padenga, amene sadetsedwa kwenikweni, apatseni njira yawoyawo kuti asadye malo.

Polowera madzi pakhale mpatuko woti dziwe likadzaza, otsalawo azilambalala. Paipi yotulutsira madzi ipindikire pansi, kukamwa kwake kumire m'madzi, kuti oyilo atsale pamwamba muzimuyengula. Madzi odikhawo muziwatulutsa pang'onopang'ono pasanathe masiku awiri, kuti mvula yotsatira ipeze malo komanso udzudzu usaswane.

Matope a pansi muziwachotsa mu Okutobala mvula isanayambe, osakawataya kudambo, ndipo musanakumbe kaonaneni ndi mainjiniya a khonsolo ya mzinda kuti aone kumene madziwo azikathera. Dziwelo mulitchingire ndi mpanda chifukwa cha ana.