Mbalame zolera ana a eni: ndi chifundo kapena pali china?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene amasamalira maluwa panyumba ina ku Randburg. Akuti mumtengo wa pabwalopo muli mphako, ndipo mbalame zakuda zonyezimira, za milomo yofiira yopindika, zikusinthana kulowetsa tizilombo m'mphakomo. Si ziwiri zokha ayi, ndi gulu lathunthu. Iwo akufunsa kuti: "Anawo ndi a ndani? Nanga zinazo zikuvutikiranji ndi ana a eni? Kapena mbalame nazo zili ndi chifundo?"

Achimwene, mbalame mukuzionazo ndi green wood-hoopoe, ndipo muno mu Johannesburg ndi zambiri kulikonse kumene kuli mitengo ikuluikulu. Pagulu lonselo zoswana ndi ziwiri zokha. Zinazo nthawi zambiri ndi ana awo a zaka zam'mbuyo amene sanachoke pakhomo.

Chifundo chokha sichingafotokoze zimenezi. Nyama imene yatha mphamvu zake pa ana a anzake, yokha osabereka, khalidwe lakelo idzasiyira ndani? Likanayenera kutha pakapita mibadwo. Katswiri wa zamoyo Charles Darwin yemwe, mu 1859, anavomereza kuti nyerere ndi njuchi zosabereka zinamuzunguza mutu. Yankho linabwera mu 1964 kuchokera kwa katswiri wina, William Hamilton. Iye anaonetsa kuti mng'ono wako wa mayi mmodzi ndi bambo mmodzi ali ndi theka la majini ako, tizinthu tachibadwa tija kholo limapatsira mwana, chimodzimodzi mwana wobereka wekha. Ndiye ukapulumutsa ang'ono ako ku njala, chibadwa chako chapitirira, pamodzi ndi khalidwe lothandizalo. Wofufuza wina, Stephen Emlen, anaziona zimenezi pa mbalame zodya njuchi za ku Nakuru, ku Kenya: zikafuna kuthandiza zimasankha chisa cha m'bale wapafupi. Anaonanso zina zochititsa manyazi, bambo kumasokoneza dala banja la mwana wake wamwamuna kuti abwerere kudzalera ang'ono ake.

Koma ubale sukuyankha funso lonse. Ngati mwana wako ndi mng'ono wako ali chimodzimodzi, bwanji osapita kukamanga lako banja? Apa ndi pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani, ndipo umboni wondigwira mtima kwambiri unachokera ku zilumba za Seychelles. Kumeneko kuli kambalame kotchedwa Seychelles warbler, kamene kanatsala pachilumba chimodzi chokha, Cousin. Malo onse abwino atadzaza, ana anayamba kukhalira makolo n'kumathandiza kulera. Mu 1988 mbalame 29 zinasamutsidwira ku chilumba cha Aride, kumene kunalibe zinzake. Jan Komdeur, amene ankazitsata, anapeza kuti kumeneko kuthandizana kunalekeka: mwana aliyense akakula ankapeza malo ake n'kuyamba kuswa. Kuthandizanako kunayambiranso pamene malo abwino anadzaza. Mbalame zake zomwezo, magazi omwewo, chosintha ndi malo okha.

Ife a ku Joni izi sitifunika kuchita kuuzidwa. Mnyamata akangofika kuchokera kumudzi amagona m'chipinda cha mkulu wake ku Rosettenville, kuperekeza ana kusukulu, kuphika, kuchapa. Chikondi chilipo ndithu, koma tsiku limene adzapeze ntchito ndi chipinda chake, mudzamuona Lamlungu lokha. Mbalame zanu za ku Randburg nazo zimagona m'mphako usiku uliwonse, ndipo mphako zabwino n'zosowa, choncho kuchoka pagulu ndi kuika moyo pachiswe.

Palinso othandiza amene si abale konse. M'nyanja ya Tanganyika muli kansomba kotchedwa Neolamprologus pulcher. Tinsomba tating'ono timakumba mchenga, kuyeretsa mazira ndi kuthamangitsa adani pamalo a nsomba zazikulu, ngakhale zimene sizinatibereke. Ofufuza atachotsako othandiza ena kwa kanthawi n'kuwabwezera, ankalandiridwa ndi nkhondo, ena mpaka kupirikitsidwa. Ntchito ndiyo malipiro a malo okhala.

Musanyengedwenso ndi ma meerkat aja mumawaona pa TV, timanyama tofanana ndi misulu. Tim Clutton-Brock wa ku Cambridge wakhala akuwafufuza m'mbali mwa mtsinje wa Kuruman, ku Northern Cape, kuyambira 1993. N'zoona, othandiza amagona ndi njala polondera ana kuuna, ndipo amawaphunzitsa kudya zinkhanira powapatsa zochotsedwa kale mbola. Koma mayi wolamulira gulu akakhala ndi bere amathamangitsa akazi anzake, ngakhale ana ake enieni, ndipo wina akabereka amatha kumuphera ana. Ambiri othandizawo akulera chifukwa analetsedwa kubereka, ndipo kunja kwa gulu kuli ziwombankhanga ndi nkhandwe.