Musasayine achemwali, ameneyo ndi dobadoba wovala suti

Achemwali musasayine chonde. Nditangowerenga zimene mwalemba n'kufika pamene mwati loya wina akufuna ndalama za kasitomala wake zingodutsa mu akaunti ya kampani yanu inu mutapepo kenakake, manja anga ayamba kunjenjemera. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa mu 2019, ndipo mpaka lero ndikubwezabe ngongole.

Loya wanga sanali mlendo ayi. Anali mnzawo wa malemu amuna anga, ndi amene anatiyendetsera za chuma cha masiye, pamaliro ananyamula nawo bokosi. Ankanditchula kuti alamu. Ine ndinali ndi kakampani kogula nandolo ndi soya, kolembetsedwa bwinobwino, msonkho ndimalipira, mapepala otumizira katundu kunja ndinali nawo. Chimene ankafuna iyeyo ndi chimenecho, dzina loyera. Anati ali ndi anthu akunja a ndalama zawo koma alibe kampani ya kuno, ndiye makontena awiri apite ku Beira pa dzina langa, ndalama zikabwera ndichotse zanga, zotsalazo ndisamutsire ku akaunti ya ofesi yake. Ndinafunsa kuti anthuwo ndi ndani. Anaseka, amvekere alamu, chinsinsi cha kasitomala loya saulula. Ine ndinaona ngati ndiye ukatswiriwo.

Ulendo woyamba zinayenda. Ndinalipira fizi ya ana chaka chonse, mtima unagwa pansi. Ulendo wachiwiri kontena inagwidwa isanatuluke m'dziko muno. Mapepala amati nandolo. Atatsegula, matumba a nandolo anali mizere ya kukhomo kokha, kumbuyo konse mitengo ya mukula yoletsedwa kutumiza kunja. Kontena imeneyo ine sindinaione ikupakiridwa, koma siginecha pa pepala lililonse inali yanga, chidindo changa, nambala yanga ya msonkho. Dzina la alamu anga aja silinali paliponse.

Apolisi anandipeza pasikelo ndikuyeza soya wa mayi wina. Ndinapempha kuti ndiimbe foni kaye. Inaitana kanayi, kachisanu anayankha, ndipo sananenenso kuti alamu. Anati, "Mayi, ine ndinangokupatsani uphungu wa malamulo, za katundu wanu ine sindikuzidziwa." Mayi! Munthu amene wadya nsima m'nyumba mwanga zaka khumi. Ndinagona m'chitokosi masiku atatu ndi chitenje chomwe ndinavala pasikelo, akaunti itatsekedwa, ndalama za alimi amene ndinawatenga soya pangongole zili momwemo.

Koma chimene chimandidzutsabe usiku si chitokosi. Nditatuluka pa belo, Lachisanu madzulo magetsi atazima, galimoto yamagalasi akuda inaima pageti. Anatsika anyamata awiri, aulemu kwabasi, mmodzi anachita kuvula chipewa. Anakhala pakhonde panga. Mwana wanga wamkazi anawabweretsera madzi, osadziwa kanthu. Wachipewa uja anamuyang'ana, n'kumutchula dzina, n'kutchula sukulu yake ndi nthawi imene amaweruka. Kenako anatembenukira kwa ine, amvekere abwana akuti ndalama zawo zili mu akaunti yanu, komanso akuti kukhoti munthu amayankha zimene wafunsidwa zokha. Anamwa madzi aja, anathokoza, anapita. Mwana anandifunsa kuti amalume amenewa amudziwa bwanji. Ndinalowa kubafa ndikusanza. Dzina la mwana wanga, sukulu yake, geti yanga, anawapatsa ndani? Anthu amene sindinakumanepo nawo chibadwire? Munthu mmodzi yekha ndi amene ankadziwa mbali zonse ziwiri.

Ntchito yawo ndi imeneyo anthu amenewa. Mbava yaikulu singalowe kubanki ndi chikwama cha ndalama, kuyambira pamene kunabwera lamulo la Financial Crimes Act mu 2017 mabanki amafunsa kumene ndalama zachokera, zokayikitsa amakanena ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lofufuza za ndalama zotere. Ndiye mbavayo imafuna munthu wodziwa kulemba mgwirizano wooneka bwino, wodziwa kampani iti ndi yoyera, mwini wake ali pa mavuto otani. Iyeyo amaima pakati, mbava kuno, iwe uko, ndipo inki imagwera pa iwe. Mwaiwala Cashgate? 2013 ndalama zokwana K24 biliyoni zinatuluka m'boma kudzera m'makampani amene analandira macheke osagwira ntchito iliyonse. Oswald Lutepo, wabizinesi amene makampani ake analandira nawo ndalamazo, anamupatsa zaka 11. Ndipo amene akunena mu makomenti kuti loya sangachite zoipa poti anaphunzira malamulo, Ralph Kasambara anali loya wamkulu, anakhalapo nduna ya zamalamulo, koma mu 2016 khoti linamupeza wolakwa pa chiwembu chofuna kupha Paul Mphwiyo, yemwe anali mkulu woyang'anira bajeti ya boma, n'kumugamula zaka 13, ngakhale pambuyo pake anatuluka pa belo podikira apilo. Chikomekome cha nkuyu, achemwali.

Wanga uja akuyendabe. Ndinamuona pa ukwati wina atakhala kutsogolo, akufupa ndalama zambirimbiri anthu akumuimbira m'manja. Ine ndinagulitsa thiraki ya malemu ndi puloti kuti ndibweze alimi. Mulungu yekha ndiye akudziwa amayi angati amasiye amene wawatchula alamu.

Tsono mverani. Pezani loya. Inde ndikudziwa zimene ndangonenazi, koma amene anandipulumutsa ine analinso loya, mtsikana wamng'ono amene anakhala pansi n'kuwerenga mauthenga onse a pa WhatsApp mmodzimmodzi mpaka zinaoneka kuti ine kontena sindinapakire. Mumutengere mapepala amene mwapatsidwawo, asakhale mnzake wa uyo, asakhale wa ofesi yoyandikana. Ngati ndalama mulibe pitani ku Legal Aid Bureau. Funsaninso ku Malawi Law Society, bungwe la maloya, ngati munthuyo ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chino, ndipo madandaulo amalandira komweko. Ine sindinakadandaule, ndisaname, ndinkaopa galimoto ija, koma inu pitani.

Mauthenga ake musafufute ngakhale umodzi, ajambuleni mutumize kwa m'bale amene mumamukhulupirira. Akakuimbirani foni muziti ndili pa phokoso, tandilemberani. Mudzaona yekha akuzemba kulemba. Ndipo ngati mwavutikitsitsa moti simungakane, chifukwa njala ndimaidziwa, muumirire kuti mwini ndalamayo mumuone maso ndi maso, chiphaso chake mujambule, katundu mupakire nokha, dzina la loyayo lilembedwe pa mgwirizano. Akakana chimodzi mwa zimenezi nyamukani. Koma pomukana musamuwonetse kuti mwamutulukira, mungoti akaunti ili ndi vuto la msonkho. Ndipo iyeyo asadziwe kumene ana anu amaphunzira.