Geti la Cashgate lili pati?

Mayi wina wa ku Chibavi wanditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa Fomu 3 anawapanikiza ndi funso: nanga nyuzipepala zikamalemba Cashgate kapena Maizegate, geti lake ndi liti, poti geti limene iye amalidziwa ndi lachitsulo lija la pampanda wa alandilodi? Mayiwo anasowa chonena, ndiye mpirawo aponyera ine.

Mayi, mwanayo ali ndi maso. Liwu lakuti gate lili ponseponse m'nyuzipepala, koma tsamba lililonse limaligwiritsa ntchito mwakemwake.

Tsegulani tsamba la masewero Lolemba. Mukapeza gate revenue, akunena ndalama za pakhomo. Limenelo ndi geti lenileni, lija timakankhanapo pa Mzuzu Stadium, tikiti ili m'manja, Moyale Barracks ikamalandira Bullets kapena Wanderers, kwinaku kamvula kathu ka Mzuzu kakuwaza. Ndalamazo amagawana matimu, eni bwalo ndi mabungwe oyendetsa mpira.

Patsamba la zaulimi mupeza farm gate price, mtengo wotsikitsitsa wogulira mbewu kwa mlimi umene unduna umalengeza nthawi yokolola ikayandikira. Ine zimandiseketsa, chifukwa mlimi wa ku Mpherembe munda wake ulibe geti, ndipo venda akafika ndi sikelo yake sawerenga nyuzipepala.

Tsono geti la patsamba loyamba ndi lina, ndipo silitseguka kapena kutsekeka. Linachokera ku Washington, kumene kuli nyumba zotchedwa Watergate. Mu June 1972 amuna asanu anagwidwa atathyola maofesi a chipani cha Democratic m'nyumbazo. Atolankhani a Washington Post, Bob Woodward ndi Carl Bernstein, anaikakamira nkhaniyo mpaka inafika pakhomo pa pulezidenti Richard Nixon, amene anatula pansi udindo mu August 1974. Kuyambira pamenepo atolankhani anadula mchira wa dzinalo n'kumaumata pa nkhani iliyonse yonunkha. Ku Britain kunali Partygate, maphwando a m'maofesi a nduna yaikulu Boris Johnson nthawi ya Covid. Ku South Africa kunali Farmgate, nkhani ya madola a pafamu ya Cyril Ramaphosa, ndipo muone kuti Farmgate ameneyu sagwirizana m'pang'ono pomwe ndi mtengo wa chimanga uja.

Kwathu kuno mchirawu unatchuka mu 2013, nthawi ya Joyce Banda. Mu September chaka chimenecho mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43, ndipo kusololedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill kunaululika. Ofufuza a kampani yowerengera ndalama ya Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha munasowa ndalama zoposa K13 biliyoni. Ndamvapo ena akunena kuti dzina la Cashgate linachokera pa geti limenelo la ku Area 43. Ayi, zinangochitika kukumana.

Chimene sindigwirizana nacho ndi ichi: mchira umenewu umagamula mlandu khoti lisanakhale. Mkonzi amaukonda chifukwa ndi waufupi, umakwana pamutu wa nkhani, ndipo sutchula kuti wakuba ndani. Koma wowerenga akangouona wamaliza kale kuti pabedwa. Taonani Maizegate ya 2017, nkhani yogula chimanga ku Zambia. Nduna ya zaulimi George Chaponda anachotsedwa ntchito, koma mu 2018 khoti linawapeza osalakwa. Funsani anthu khumi pa depoti lero, ambiri akumbukira geti, chigamulo ayi.

Ndipo liwuli tinalilanda kale, tikulitchula Chichewa. Tsiku lina ndili pa kabaza kulowera ku Katoto, tinadutsa nyumba yosanja yongomangidwa kumene, ya mpanda wautali. Wakabazayo analoza ndi mlomo n'kunena kuti, "Bwana, za kashigeti izi." Ndinamufunsa ngati mwini wake amamudziwa. Anati sanamuonepo.